Tsiku limene agogo anu anaima kumbuyo kwa Dikisoni

M'masiku aja titangovotera nyali n'kukana ulamuliro wa chipani chimodzi, makolo anuwa akadali kuthamanga opanda nsapato m'Chirimba muno, ine amene mukundiona ndi ndodo panoyu ndinatsala pang'ono kukhala phungu wa ku nyumba ya malamulo. Mukuseka? Sekani, mano ndi anu. Iwe Tadala, ika kafoni kako pansi, popeza wandifunsa wekha chifukwa chimene nkhope yanga imachitira mdima aphungu akamadutsa ndi magalimoto awo, ndiye undimvere mpaka ndimalize, ndipo mukhale pafupi nonse, chifukwa nkhani imeneyi sindinaifotokozepo kwa bambo anu.

Ine ntchito yanga inali yokonza mataipi, makina olembera aja olira ngati matalala padenga, amene inu simunawaonepo. Ndinkagwira pa sitolo ya Mmwenye wina ku Limbe, wogulitsa mapepala ndi zipangizo za m'maofesi, ndipo tsiku lililonse ndinkayenda ofesi ndi ofesi mu tauni ndi kachikwama kanga ka masipanala, moti panalibe mlonda wa pageti amene sankandidziwa. Mnzanga wa pamtima anali Dikisoni, mphunzitsi, amene tinakulira limodzi kuseri kwa msikawu. Koma ana inu, Mulungu pogawa sagwiritsa sikelo. Dikisoni anam'patsa msinkhu, anam'patsa mpata wa m'mano, anam'patsanso Chingerezi chotulukira m'mphuno, pomwe ine anangondipatsa zala. Tikalowa limodzi penapake anthu ankapereka moni kwa iye, kenako n'kundiona ine ngati katundu amene wabwera naye. Ndipo mtsikana amene tonse tinkamufuna, Esinati, amene lero mumamutcha agogo, anayamba kuseka nthabwala za Dikisoni asanadziwe n'komwe dzina langa.

Musaganize kuti nthawi ya chipani chimodzi kunalibe zisankho za aphungu. Zinaliko, koma opikisana onse anali a chipani chomwecho, ngati kukufunsa kuti usankhe pakati pa dzanja lamanja ndi lamanzere la munthu mmodzi yemweyo. Panalibe zimene mukuzionazi, zokwera pa lole ndi zimkuzamawu n'kumatukwana boma dzuwa likuswa mtengo. Wofuna uphungu ankayamba walemba mayeso a Chingerezi, dzina lake n'kupita kumwamba, ndipo kumwambako likakanidwa sunkafunsa chifukwa. Dikisoni analemba mayesowo n'kukhoza bwino lomwe, koma dzina lake linapita osabwerako. Mtima unamuwawa, ndipo Loweruka lina masana, atamwa mabotolo awiri pa bala ina ku Limbe, anafunsa mokweza kuti n'chifukwa chiyani dziko lathu likudyera mbale imodzi ndi azungu atsankho a ku Joni pomwe mayiko onse otizungulira awafulatira. Limenelo linali funso loti ngakhale m'bafa sunkalifunsa. Pa balapo panali wina wa makutu aatali.

Lolemba m'mawa Dikisoni anandipeza kuntchito n'kundiuza kuti galimoto yopanda nambala yafika kale kawiri kusukulu kwake. Ndinamuvula jekete, ndinamuveka ovolosi yanga ya mafuta, ndinamusenzetsa taipi yakufa pamutu, ndipo tinadutsa pakati pa achinyamata a chipani amene ankafunsa makadi pa depoti ya mabasi, ine patsogolo ndikumukalipira ngati wantchito wanga waulesi. Anakwera basi ya ku Lilongwe, kenako tinangomva kuti wawoloka malire. Tsono apa ndinene zoona, popeza ndakalamba ndipo manyazi anandithera. Basi ija ikunyamuka ndinalira ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana kale njira ya kwa Esinati. Patatha chaka ndi theka tinakwatirana.

Zaka zinapita, ana anabadwa, ndipo mphepo inayamba kutembenuka. Akuluakulu a mpingo analemba kalata yawo ija yotsutsa nkhanza za boma, mayiko akunja amene ankatithandiza anati thandizo aimika kaye mpaka boma lisiye kutsekera anthu popanda mlandu, ndipo mu tauni munayamba kupezeka timapepala topanda dzina todzudzula boma. Munthu ukalowa m'chimbudzi cha ofesi unkapeza kapepala, ukakhala pampando wa basi kapepala, ndipo unkawerenga n'kukasiya pomwepo kuti wina akapezenso. Ambiri mwa timapepala ta ku Limbe ndi mu tauni tinatuluka m'zala izi. Ndinkatilemba pa mataipi a eni ake obwera kudzakonzedwa, ndipo popeza taipi iliyonse ili ndi kalembedwe kake kamene apolisi akanatha kukalondola, ndikamaliza ndinkapala chilembo chimodzi kapena ziwiri ndi tupa kuti isadziwikenso. Lachisanu masana abwana anga akapita ku mzikiti ndinkapukusa makina ochulukitsira mapepala kuseri kwa sitolo. Iwo ankadziwa, koma sananene kanthu, kupatula tsiku lina pamene anandiuza kuti inki ikutha msanga masiku ano, mwina ndi kutenthaku, n'kusiya kiyi patebulo.

Zonsezi ndinkachita ndi baji ya chipani pachifuwa, khadi m'thumba, ndipo pamsonkhano ndinkaomba m'manja kuposa aliyense. Sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga, chifukwa masiku amenewo tinkati khoma lili ndi makutu, ndipo chimene munthu sakuchidziwa sangachiulule ngakhale am'menye chotani.

Nanga Dikisoni? Iye anali atafika mpaka ku Ulaya, ndipo mawu ake anayamba kumveka pa wailesi yakunja imene anthu ankaitsegula motsitsa, zitseko zitatsekedwa. Chirimba yense ankanong'onezana kuti mwana wathu wayankhula dzulo, mwamumva? Ine wopukusa makina mtima uli m'mwamba palibe ankanditchula, koma iye woyankhula ali pa mpando wofewa, kutali ndi ndende, ndiye anali ngwazi ya anthu. Tsiku lina ndinaweruka msanga n'kupeza Esinati wasiya kusita, simbi ili chiimire, khutu waligunditsa pa wailesi. Atandiona sanadzidzimuke, anangoti mawu ake sanasinthe. Mawu atatu okhawo anandikhala pakhosi sabata yathunthu.

Titavotera nyali, boma linalola kuti othawa abwerere. Tsiku limene Dikisoni anatsika ndege ku Chileka, msewu uwu unadzaza anthu ndi nthambi za mitengo, iye ali pamwamba pa galimoto, wanenepa, wavala suti ndi chipewa, akugwedeza dzanja ngati mkwati. Sabata isanathe akazembe a mayiko akunja anali akumuitanira tiyi ku nyumba zawo. Sindingamunamizire, kwathu anabwera, anandikumbatira misozi ili m'maso, n'kuuza anthu amene anali naye kuti uyu ndiye anandipulumutsa. Ine anandibweretsera tayi, Esinati anam'bweretsera kachikwama ka m'manja kofiira. Tayiyo sindinaivalepo, koma kachikwamako ndinkakaona Lamulungu lililonse kakupita ku tchalitchi.

Tonse awiri tinalowa chipani chatsopano chotsutsa, ndipo tonse awiri tinafuna kuimira dera lino pa chisankho cha aphungu. Akuluakulu a chipani anatiitana kuti mmodzi asiyire mnzake, ndipo Dikisoni, mwaulemu ndithu, anandipempha kuti ndikhale woyendetsa kampeni yake, ati iye akudziwa azungu, ine ndikudziwa makwalala. Ndinakana. Ndinati ine ndadya fumbi la dziko lino zaka zonsezi iye akudya batala, ndiye sindingamusenzerenso katundu. Koma pamene ndinayamba kuuza anthu kuti timapepala tija ndinkalemba ndine, ankandiyang'ana pachifuwa pamene pankakhala baji paja, n'kumwetulira. Umboni ndinalibe. Ndinali nditabisa bwino kwambiri moti ndinadzibisa ndi ine ndemwe. Komabe ndinayenda khomo ndi khomo, ndipo aliyense ankandigwira dzanja n'kunena kuti tili pambuyo panu, achimwene. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mawu omwewo ankamuuzanso Dikisoni.

Tsono mvetsetsani kavotedwe ka chisankho cha chipulula, chosankha woimira chipani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Panalibe kabokosi kapena kachipinda kobisalamo. Opikisana ankaima pabwalo kutsogolo, moyang'ana kumodzi, ndipo ovota, amene anali nthumwi za makomiti a m'madera, abambo, amayi ndi achinyamata, aliyense ankapita kukaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, poyera, apongozi ako akukuona. Lamulo linali lakuti wopikisana asacheuke mpaka kuwerenga kuthe, kuti asaopseze anthu ndi maso. Agogo anu anali wapampando wa komiti ya amayi a dera lathu, ndipo ndi iwo ankatsogolera nyimbo, luso limene analiphunzira kale pamene ankawanyamula pa malole kukavinira mtsogoleri ku bwalo la ku Chichiri, afune asafune. Ine powerengera anthu anga, amayi amenewo ndinkawaika poyambirira, osakayika ngakhale pang'ono.

Linali Loweruka m'mawa, pabwalo la sukulu ya pulayimale, chimanga chitamasula m'minda ya m'mbali. Tinaima awiri, ine kumanja, Dikisoni kumanzere, tikuyang'ana khoma la kalasi. Woyendetsa chisankho analiza wezulo, koma kwa kanthawi sindinamve phazi ngakhale limodzi. Anthu anali ataima pansi pa mitengo, aliyense akudikira kuti aone mzere umene utalike, chifukwa zaka makumi atatu zinali zitatiphunzitsa kuti kuoneka uli mbali yolakwika ndi tsoka. Kenako ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, ochepa, kenako ambiri, wina akutsokomola, wina akundinong'oneza kuti limbani mtima, ndipo ndinayamba kudziona ndili m'galimoto. Ndiye nyimbo ya amayi inayamba, mawu a Esinati ali pamwamba, ikubwera kuchokera kumitengo kuja. Ndinaimva ikuyandikira, ikuyandikira, mpaka inafika kumbuyo kwanga kwenikweni, koma sinaime. Inapitirira kumanzere.

Ndinacheuka. Woyendetsa chisankho anakuwa kuti yang'anani kutsogolo bambo, koma ndinali nditaona kale. Mkazi wanga, mayi wa ana anga, anali ataima kumbuyo kwa Dikisoni, amayi onse a komiti yake atandanda pambuyo pake. Anandiyang'ana m'maso, osagwetsa nkhope, nyimbo ili pakamwa. Atawerenga, Dikisoni anapambana, ndipo kusiyana kwathu kunali kochepa kuposa chiwerengero cha amayi aja. Akanaima kwa ine, phungu ndikanakhala ine.

Ndinamugwira dzanja Dikisoni pamaso pa anthu, ndinamwetulira monga ndinazolowera kumwetulira pa misonkhano ya chipani chakale, ndipo ndinabwerera kunyumba ndekha kudzera njira ya kumanda kuti ndisakumane ndi munthu. Esinati anafika madzulo, anandiikira madzi osamba, anandipatsa chakudya, ndinadya. Mukuganiza kuti ndinamufunsa? Sindinafunse. Ndinati yankho ndikulidziwa kale, chikondi choyamba sichifa, ndinangokhala wom'sungira mnzanga malo. Ndipo munthu amene anatha kubisa makina opukusa kwa apolisi, kubisa mkwiyo kwa mkazi wake sinali ntchito.

Dikisoni anapambananso chisankho chachikulu n'kupita ku nyumba ya malamulo. Anagula galimoto yaitali yobiriwira, anasamukira ku Nyambadwe ku nyumba ya mpanda wa maluwa, ndipo mwezi ndi mwezi tinkamva kuti wapita kunja ndi nthumwi za boma kukapempha kuti thandizo lija libwerere. Ine nthawi yomweyo makompyuta analowa m'maofesi, mataipi anayamba kutayidwa, ndipo zala zanga zinasowa chogwira. Ana inu, nsanje ndi ntchito yolemetsa, ndipo ine ndinaigwira mokhulupirika. Ndinkatha kukwera minibasi ya mu tauni n'kutsikira panjira kuti ndikangoyenda kunja kwa mpanda wake ndikuwerenga mawindo. Akayankhula bwino m'nyumba ya malamulo ndinkati wabera mfundo za m'timapepala tanga, akalakwitsa ndinkadya ndi mtima wonse tsiku limenelo. Akatiitana ku phwando ndinkadwala mutu. Galimoto yake ikaima pamsika kuti apereke moni, ine ndinkayang'ana nkhope ya Esinati, osati galimotoyo. Ndinafika mpaka poyang'anitsitsa mano a bambo ako, iwe Tadala, kufunafuna mpata uja, chonsecho anabadwa Dikisoni atatha zaka zitatu ali kutsidya kwa nyanja. Inde, sekani, n'zoseketsa lero. M'nyumba muno tinkayankhulana za mchere, za sukulu ndi za maliro a kumudzi basi, ndipo agogo anu akayamba nthabwala ndinkatuluka kukakhala pakhonde.

Uphungu wa Dikisoni unatha patapita zaka khumi, anthu omwe aja a nthambi za mitengo atamutembenukira. Matenda a shuga anamugwira, galimoto inagulitsidwa, ndipo patatha zaka ziwiri anamwalira. Ku maliro ndinapita, koma ndikuuzeni zoona, sindinapite kukalira. Ndinapita kukaona mmene mkazi wanga alirire. Ndinakhala pa mpando poonekera kumene kunali amayi, ndikumuyang'ana tsiku lonse. Analira pang'ono polowa m'nyumba monga amachitira aliyense, kenako anamanga chitenje n'kukatsuka mbale, ndipo nthawi ina ndinamuona akukangana ndi mayi wina za nkhuni. Zinandisokoneza. Ndinayembekeza zaka khumi ndi ziwiri kuti ndione mtima wake ukusweka, koma iye anali kutanganidwa ndi nkhuni.

Pobwerera tinayenda wapansi kutsetsereka ku Nyambadwe kukakwera minibasi, ndipo pamenepo, pambali pa msewu, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mayi a Chikondi, tsiku lija pabwalo la sukulu, munaimiranji kumbuyo kwa malemuwa?"

Anaima, n'kundiyang'ana ngati ndafunsa za mvula ya chaka chatha. Kenako anandikumbutsa za amalume ake, amene anamulera, omwe anali phungu nthawi ya chipani chimodzi. Nkhaniyo ndinkaidziwa, koma sindinaiganizirepo. Amalumewo anafunsa funso limodzi m'nyumba ya malamulo lokhudza njala ya kwawo, ndipo m'mawa wina galimoto inabwera kudzawatenga. Iye anali mtsikana, anali atakhala pakhomo akupukuta nsapato zawo, ndipo anawatenga ali ndi patapata, nsapatozo zili m'manja mwake. Sanabwerenso kudzazivala.

"Inu mumaganiza kuti ine ndinkakhulupirira kuti boma lija lichokadi?" anatero. "Ndinkati chisankho chikatha atembenuka, ndipo oyamba kutengedwa adzakhala amene apambana pamizere ija. Za timapepala tanu ndinkadziwa, inki ya m'mikono ya malaya ankachapa ndani? Ndinagona ndi mantha zaka ziwiri, ndiye munkafuna ndikuperekenso ndi manja anga? Ndinayang'ana amuna awiri mutaima pamenepo, n'kusankha amene ndikanatha kumutaya."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunandiuze.

"Nanga inu munandifunsa? Ndinakuonani mukutupa ngati mtanda wa mandasi, ndinati tsiku lina afunsa. Sindinadziwe kuti mudikira mpaka munthu afe."

Minibasi zitatu zinaima n'kupita, oitanira akukuwa Chirimba, Chirimba, ife tili chiimire. Sindinene kuti agogo anu analondola, ayi. Boma lija linachokadi, palibe anatengedwa, ndipo mpaka lero ndikaona phungu akuwodzera m'nyumba ya malamulo ndimati mpando umenewo unali wanga, ndipo galimoto yobiriwira ija ndimailotabe. Nsanje ikakhazikika siisamuka yonse. Koma chimene chinandipweteka pamsewu paja sichinali mpando. Dikisoni anali atangolowa m'manda akudziwa kuti mnzake amene anamusenzetsa taipi uja anamuda popanda chifukwa, ndipo ndinalibenso koti ndikamupepese.

Ndiye ana inu, muli ndi mwayi, mumavota m'kachipinda, mumatsutsa boma pa mafoni anu n'kugona tulo. Koma ulamuliro uja sunangotsekera anthu m'ndende mokha, unatiphunzitsanso kutseka pakamwa m'nyumba zathu zomwe, ndipo matenda amenewo ndimawaonabe mwa ena a inu. Akulu anati safunsa anadya phula. Wokondedwa wako akaima pamzere wina, kaya ndi pa ndale kaya ndi pa nkhani ya m'banja, usadziyankhe wekha mumtima, mufunse tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ngakhale yankho ukuliopa. Ine ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikukwiyira munthu amene anandikonda kuposa mpando, ndipo zaka zimenezo palibe chisankho chimene chingandibwezere.